Malume Amene Anaphuka

Ana inu, bwezani chikwanjecho kumene mwachitenga, mubwere mukhale apa pamthunzi. Ndakuonani kuyambira m'mawa mukuzungulira nthochi za m'dambomo ngati nkhuku pamtondo. Ndikudziwa, mikoko yake ndi yonona, ikupsa yokha ndi kugwa, okhuta ndi apusi ndi mileme basi. Ine miyendo yangayi yandifikitsa kutali. Ndadya nthochi ku Thyolo, ndadya ku Nkhata Bay, ku Tete ndinagulitsako mpaka zinandikola, koma zonenepa ngati izi sindinazione. Komabe palibe munthu wobadwira pano amene anaikako pakamwa. Si ufiti ayi, si mankhwala. Ndi manyazi, ndipo manyazi a makolo sachedwa kusanduka mwambo.

Nkhaniyi ndi ya masiku amene msewu uwu kunalibe, chigayo kunalibe, ndipo Nyamazi unali mtsinje weniweni, osati kamkodzo ka mbuzi mukukadumpha leroka. Munali ng'ona, munali bango lobisa njati, ndipo m'mbali mwake munali dambo la dothi lakuda bii, loti ukagwetsa njere ya dzungu m'mawa, madzulo uyambe kuganiza za mphika. Anthu kunalibe.

Chilimwe china panafika mbumba ziwiri. Ya Mtambalika inachokera kum'mawa, kuthawa nkhondo. Ya Kaphwiti inachokera kumadzulo, kuthawa njala. Anamanga misasa, awa tsidya lino, awo tsidya lija, ndipo onse maso anali padambo.

Mtambalika anali munthu wamtali, wokonda kuyankhula ataimirira pachulu ngakhale omvera akhale awiri. Kaphwiti anali wamfupi, wa maso oseka, wosafulumira pa chilichonse. Atakumana pamadzi, Mtambalika anayamba ndiye.

"Anzathu, mwatipeza. Ine ndinasonkha moto pano inu musanatulukire."

"Utsi wanu ndinauonadi," anatero Kaphwiti, "koma nthawi imeneyo n'kuti galu wanga atamwa kale madzi a mtsinjewu."

"Galu ndi munthu?"

"Nanga utsi ndi munthu?"

Anakangana mpaka mvula inagwa ndi kukata. Koma onse awiri ankalidziwa lamulo la makolo: phulusa limauluzika, mapazi a galu mvula imafufuta, dziko limadziwa mafupa okha. Mbumba yoyamba kugoneka munthu wake m'nthaka ndiyo mwini dziko. Ndiyo imagawa minda, ndiyo imalandira mwendo wa nyama iliyonse yophedwa m'tchire, ndiyo imalawa dengu loyamba la zokolola. Tsono vuto linali ili: malo atsopanowa anali a mphepo yabwino, ndipo panalibe amene ankafuna kufa.

Okalamba analipo awiri. Kwa Kaphwiti kunali mayi ake, Nachisale, kankhalamba kouma ngati chikuni. Kwa Mtambalika kunali malume ake, Chidzanja, chimunthu cha mimba yotsogola, chokonda mowa, chodana ndi khasu. Mtambalika sanayambe wakondapo kupereka moni, koma tsopano m'mawa uliwonse anali pakhomo pa malume ake.

"Mwadzuka bwanji, malume?"

"Ndadzuka bwino, mphwanga."

"Bwinobwino? Palibe pamene pakuwawa? M'chifuwa? Mumsana?"

"M'mimba mokha."

Mtambalika nkhope inawala. "M'mimba mukutani, malume?"

"Njala. Kauze Nangondo aphike msanga."

Nangondo anali mlongo wake wa Mtambalika, mayi wa manja olimba amene ankadyetsa mbumba yonse pamene achimwene ake ali pachulu.

Tsiku lina tsidya lija kunamveka chifuwa. Nachisale anali atayamba kutsokomola, chifuwa cholira ngati mtondo wong'aluka. Mtambalika tulo tinamuthawa. Anakwera mumtengo, njuchi zinamuluma mpaka maso kutsekeka, nafula uchi n'kutumiza tsidya lija. Anakumba mizu ya chifuwa, natumiza. Anapha nkhuku, natumiza msuzi. Kaphwiti analandira zonse ndi manja awiri.

"Koma tili ndi anansi achifundo," ankatero. "Mayi anga sanasamalidwepo chonchi chibadwire."

Chifuwa sichinaleke. Pamenepo Mtambalika anaitanira malume ake ndi mlongo wake kuseri kwa nkhokwe.

"Malume, dziko likutipulumuka. Pafunika kuti mufe."

Chidzanja anaika chipanda pansi. "Ndife ine kuti iwe uzidya mwendo wa gwape?"

"Osati kufa kwenikweni. Mungochoka. Mupite kuseri kwa mapiri, kwa anthu ophika mchere aja, mukakhale kumeneko. Ife tisiya ndodo yanu ndi thumba lanu la fodya padziwe la ng'ona, tilire kuti madzi akutengani. Ndikupatsani mbuzi yaikazi ija."

"Ya bere ija?"

"Yomweyo."

Chidzanja anayamba kuona kuti imfa si chinthu choipa kwambiri.

Paja mukudziwa, kapena simudziwa poti ana a lero mumadziwa za mpira zokha: munthu akatengedwa ndi madzi, thupi osapezeka, makolo sankasiya mzimu wake ukuyendayenda. Ankadula thunthu la nthochi, kulikulunga mu mphasa, kulilira ndi kuliika m'manda m'malo mwa munthuyo. Koma ankadula pamwamba, chitsa n'kuchisiya m'nthaka, chifukwa chopita kumanda sichiyenera kukhala ndi mizu. Ngakhale mwana ankadziwa zimenezi.

Nthochi pamalo onsewo inali imodzi yokha. Nangondo anaisenza pamutu kuchokera kwawo kwakale ili kamphukira, naibzala kuseri kwa nyumba, kumaithirira madzi otsukira mbale. Inali isanabereke n'komwe. Atapita kukaiona, Chidzanja anaizungulira, naipapasa, nkhope n'kugwa.

"Kameneka ndiye ine?"

"Ndi mwambo chabe, malume."

"Mwambo wa chiyani! Adzukulu akakanyamula kameneka adzati Chidzanja anali wopepuka ngati mtolo wa udzu. Ine ndinadya ng'ombe za eni, ndinamwa mitsuko yosawerengeka, lero ndilowe m'manda ngati mwana wakhanda? Kumbani ndi chitsa chomwe. Chitsacho ndiye mutu wanga. Ndi tiana take tomwe, ndilemere. Apo ayi sindifa."

"Achimwene," anatero Nangondo, "chamoyo sichiikidwa. Munthu mukumulirayo ngwamoyo, nthochinso mukufuna muiike yamoyo. Bodza limodzi silikukwanirani?"

"Iwe dziwa za mtondo ndi munsi," anatero Mtambalika. "Za dziko tisiyire amuna."

Anakumba ndi chitsa chomwe. Nangondo anangoyang'ana dzenje limene munali nthochi yake. Chidzanja anayesa kunyamula mtolowo, unamukanika, ndipo anakhutira. Anakoka mbuzi yake n'kulowera kumapiri akuimba.

Kutacha, kulira kunabuka. Mtambalika anadzigwetsa pamchenga, ndodo ya malume ake m'manja, kugubuduka mpaka fumbi koboo. Pa maliro onse amene ndapitako m'moyo wanga, ndaona kuti wolira mokweza kuposa onse amakhala ali ndi chimene akuyang'anira.

Tsono wachibale sakumba manda a m'bale wake. Imeneyo ndi ntchito ya adzukulu, anthu a mbumba ina, ndipo mdzukulu pamaliro ali ndi ufulu wonyoza aliyense, palibe womuimba mlandu. Mbumba ina inali imodzi yokha. Kaphwiti anaoloka ndi anyamata ake, makasu paphewa.

"Pepani, anzathu, pepani. Ng'ona imeneyo lero yakhuta. Tikumbe pati? Pamtunda paja pali mitengo yabwino, mthunzi wake woyenera munthu wosakonda ntchito."

"Ayi," anatero Mtambalika, naloza pakati penipeni pa dambo, pamene dothi linali lakuda kuposa ponse. Ankafuna kuti pasadzakhale wonena kuti manda ali pamtunda, dambo n'la aliyense. "Apo."

"Manda m'dimba?"

"Malume ankakonda chinyezi."

"Cha kukhosi ndikuchidziwa," anatero Kaphwiti. "Chabwino, eni maliro anena."

Anakumba. Dzenje litangofika m'maondo, madzi anayamba kutumphuka pansi.

"Tipitirize, malemuwa akasambe kachiwiri?" anafunsa Kaphwiti.

"Basi, pakwana."

Ponyamula mphasa ija, anyamata anadzandira. Kaphwiti anapapasa kumutu, namva chitsa, namva timizu tikumubaya m'zala. Anamuyang'ana Mtambalika, namuyang'ana Nangondo amene maso anali pansi.

"Koma malemuwa mutu ndiye anali nawo," anatero.

Atakwirira, anasamba m'manja n'kuimirira pamaso pa anthu onse.

"A Mtambalika, mwatitsogolera. Dziko ndi lanu, sitikana. Koma tonse tikudziwa kuti thunthu limangosungira malo. Tsiku limene mafupa enieni adzalowe m'nthaka ino, tidzakhalanso pansi."

Mtambalika sanamve bwino mawu amenewo, makutu anali atadzaza kale ndi ufumu. Anagawa minda, ya dambo kutenga yekha, a Kaphwiti kuwapatsa ya mchenga. Gwape akaphedwa, mwendo unkaoloka mtsinje. Ngakhale mbewa yonenepa ankafunsa kuti mwendo wake uli kuti.

Mvula inagwa. M'mawa wina amayi opita kumadzi anabwerera akuthamanga, mitsuko atataya. Pamtumbira paja panali patatuluka tsamba lobiriwira, lopindika ngati fodya wopichira, likuloza kumwamba.

Mtambalika anapita, naliyang'ana nthawi yaitali.

"Malume akondwa," anatero. "Ndi chizindikiro chimenechi."

Akanatani? Chomera pamanda sichidulidwa, ndipo pafupi ndi manda sipalimidwa. Tsamba linasanduka thunthu, thunthu linatulutsa ana, ana anatulutsa adzukulu. M'dothi lakuda lija nthochi zinayenda ngati moto wolusa, ndipo paliponse pamene zafika khasu linkabwerera m'mbuyo. Munthu uja anali atabzala manda oyenda pakati pa munda wake womwe. Kaphwiti akakumana naye ankagwada mwaulemu.

"Wawa mwini dziko. Ndaona malume anu abereka. Ali bwanji mayi ndi ana?"

Chaka chitazungulira inakwana nthawi ya bona, mowa wotsanzika mzimu wa malemu. Mtambalika anafuna kuti ukhale mowa woti mapiri amve. Mapira onse a m'madengu oyamba aja anathera m'mitsuko. Ndipo mapiri anamvadi. Anthu okagula mchere anakafikitsa mbiri kuseri kuja, kumene Chidzanja anali atadya kale mbuzi ija ndi mwana wake yemwe, ndipo eni mudzi anali atayamba kumubisira chakudya.

"Mowa wa yani?" anafunsa.

"Wa malemu ena ake, a Chidzanja. Akuti mitsuko yake yadzaza bwalo."

"Mowa wa dzina langa, ine osalawako?"

Anafika dzuwa lili paliwombo, ng'oma zili pakati. Woyamba kumuona anali woimba ng'oma, amene anasiya dzanja lili m'mwamba. Kenako bwalo lonse linabalalika, ena m'nkhokwe, ena m'bango mwa ng'ona momwe. Chidzanja sanapereke moni. Anakhala pafupi ndi mtsuko waukulu, natunga, namwa, natunganso, nageya mpaka nkhuku zinadzidzimuka.

Kaphwiti, amene sanathawe, anaitana anthu. "Tulukani, abale. Ine mizukwa ndaimvera mbiri zambiri, koma wogeya sindinaumvepo."

Anthu anabwerera pang'onopang'ono. Nangondo anafuna kuthamangira malume ake, Mtambalika anamugwira pamkono. Apa, ana inu, ndi pamene panali mphambano. Akanati, "Ndinalakwa, awa ndi malume anga," anthu akanaseka mwezi wathunthu, dziko likanabwerera pakati, koma malumewo akanakhala ake, ndi mafupa awo omwe. Koma mwendo wa gwape ukalowa m'mano suchoka msanga.

"A Mtambalika," anafunsa Kaphwiti, "bambo akumwa mowa wanuwa mukuwadziwa?"

"Sindiwadziwa."

"Tayang'anitsitsani. Mimbayi siikukukumbutsani munthu?"

"Malume anga agona m'dambomo. Inu nomwe munakumba. Awa ndi munthu wongofanana nawo, wofuna mowa waulere."

Chidzanja anaika chipanda pansi, ndipo aka kanali koyamba kuti achiike muli mowa.

"Mphwanga, ukundikana? Ine amene ndinakusemera uta woyamba? Bambo ako atakusiyani, anakulera ndani?"

Mtambalika anayang'ana kumbali. "Bambo, imwani muzipita."

"Anthu inu mwamva?" anafunsa Kaphwiti. "Mwini dziko wanena pabwalo, dzuwa likuswa mtengo, kuti munthu uyu si wake. Ndibwerezenso kufunsa?"

"Usabwereze," anatero Mtambalika. "Si wanga."

"Ndiye kuti ndi mlendo, ndipo mlendo sagona panja. Tiyeni kwathu, bambo. Nyamulani ndi mtsukowo, mwini wake sadandaula, anafa."

Tsidya lija anapeza Nachisale ali gwa, chifuwa chitatheratu ndi uchi wa Mtambalika uja. Nkhalamba ziwiri zokana kufa zinayang'anana, zinakondana, ndipo mwezi usanathe Chidzanja anali mkamwini wa kwa Kaphwiti, mkamwini woyamba m'dziko lino amene sanagwirepo khasu la apongozi. Kaphwiti ankamudyetsa ngati nkhumba ya pa ukwati, osadandaula. Nangondo yekha ndiye ankaoloka mobisa, kanthu kali m'nsalu, kukaona malume ake.

Mtambalika tsopano ntchito inamuchulukira. Nkhalamba zoti zisafe zinali ziwiri, zonse tsidya lija. Uchi unkaoloka, nkhuku zinkaoloka. Njuchi za m'dera lonse zinamudziwa nkhope.

Koma imfa simva uchi. Tsiku lina masana Chidzanja anatsamira mtengo, chimanga chootcha chili m'manja, ndipo sanachimalize. Aliyense amene ankamudziwa ataona chimanga chotsala anadziwa kuti ulendo uno ndi zoona.

Kaphwiti anatuma mthenga tsidya lino. "Kwathu kwagwa zovuta, bambo athu otipeza atisiya. Paja ife tinakukumbirani, lero ndi inu adzukulu. Bwerani ndi makasu, tikawagoneke pamtunda pa mitengo paja."

Pamenepo mawu aja anabwerera m'makutu mwa Mtambalika: thunthu limangosungira malo. Anathamanga, anaoloka mtsinje osakwinya nsalu, nafika pasiwa akupuma ngati galu.

"Imani! Musawakhudze! Amenewo ndi malume anga! Mafupa amenewo ndi a mbumba yanga!"

Kulira kunaleka. Kaphwiti anatuluka pang'onopang'ono.

"Malume anu ati?"

"A Chidzanja! Nonse mukuwadziwa!"

"Nanga m'dambo muja tinaika yani?"

"Nthochi! Nthochi chabe! Munthu sanafe, ndinamutumiza kumchere ndine!"

Mawu akatuluka sabwezedwa ndi manja. Mtambalika anayang'ana uku ndi uku, naona mbumba ziwiri zonse zikumuyang'ana.

"Zikomo potiuza," anatero Kaphwiti. "Ndiye kuti m'dambo mulibe maliro, ndipo miyendo ya nyama ija munkadyera nthochi. Koma awa agona m'nyumbamu munawakana pabwalo ali moyo, akukuitanani mphwawo. Wokana munthu akupuma sangamufune atazizira. Tinawadyetsa ndife, tiwalira ndife. Inu tengani khasu."

Nachisale anasuzumira pakhomo, maso ofiira. "Ndipo mukumbe lakuya, mwana iwe. Amuna anga ankadana ndi kupepuka."

Mapanga awiri avumbwitsa. Mtambalika anakumba manda aja ndi manja ake, pamtunda pa mitengo pamene anakana poyamba, ndipo khasu lililonse limene ankaponya linkapereka dziko kwa Kaphwiti. Manda a mitengo yaikulu mukuwaona kuseri kwa sukuluwo ndi amenewo. Mtumbira woyamba ndi wa munthu wa kwa Mtambalika, koma manda ndi a kwa Kaphwiti, ndi dziko lomwe.

Nthochi zija zinatsala m'manja mwa Mtambalika, poti palibe anazilimbirana. Anafuna kuzidula, Nangondo anaimirira kutsogolo kwake.

"Munazilira, munazimetera tsitsi, munazithirira mowa. Chimene munthu wachilira ndi m'bale wake. Malume amoyo munawataya, awa ndiye musunge."

A kwa Kaphwiti nawo anati mdzukulu sadya chimene anakwirira yekha. Choncho zinangokhala, kubereka ndi kuolera pansi, chaka ndi chaka, pakati pa dothi labwino kuposa lonse m'dziko lino.

Mtambalika atamwalira, ana a mlongo wake anapita kukapempha malo kwa eni dziko. Kaphwiti anali atakalamba, mano atatha, koma maso akusekabe. Analoza phiri la miyala lija, kumene khasu limatulutsa moto.

"Uko. Kumeneko chilichonse mungaike sichiphuka."

Ndipo asananyamule, adzukulu anamasula mphasa, Kaphwiti natsina chala cha kuphazi cha malemu.

"Muli munthu," analengeza. "Tiyeni."

Ndicho chifukwa chake mpaka lero nthochi za m'dambo la Nyamazi zimadyedwa ndi apusi ndi mileme basi, ndipo a kwa Mtambalika akaferedwa amadutsa manda a mthunzi ali pafupi, n'kukwera ndi bokosi kumiyala, thukuta lili kamukamu. Ndicho chifukwa chakenso maliro awo sanyamulidwa adzukulu asanatsegule bokosi. Chaka chatha, nditangobwera kuchokera ku Chipata, ndinaziona ndi maso anga pa maliro a mphunzitsi wopuma uja. Bokosi logula kutauni, lonyezimira, la zogwirira zagolide, m'busa ali chiimire ndi buku lake. Mdzukulu anatsegula, anasuzumira, nafuula kuti, "Muli munthu!" Amayi anaseka misozi ili m'masaya, ana a malemu anangoweramitsa mitu. Anthu ophunzira, ena a magalimoto, koma bodza la kholo lawo likuwatsegulirabe bokosi.

Iwe unatenga chikwanje, tayandikira ndikuone bwino. Mphumi imeneyo ndaidziwa. Ndiwe wa kwa Mtambalika, eti? Ndiye usaime patali ngati mlendo. Pita m'dambomo, ugwade, uombe m'manja, upereke moni kwa malume ako.